Mutu 6: Chingerezi, Kulemba Kwina Kutchula Kwina

Tengani zilembo zinayi izi, o, u, g ndi h, muzindandalike momwemo, kenako mufunse Mngerezi kuti zimatchulidwa bwanji. Akakhala woona mtima sakuyankhani msanga. Ayamba wafunsa kaye kuti zili m'mawu ati, chifukwa mu *though* zimamveka “ou”, mu *through* zimasanduka “uu”, mu *tough* ndi “af”, mu *cough* ndi “of”, mu *bough* ndi “au”, pamene mu *thought* ndi “oo”. Zilembo zomwezomwezo, zoyalidwa chimodzimodzi, koma njira zotchulira zisanu ndi imodzi. Ndipo eni akewo sachita nazo manyazi n'komwe.

Ife tinaleredwa mwina. Mwana akangogwira a, e, i, o, u mu Sitandade 1, n'kuphunzira kulumikiza ba, be, bi, bo, bu, basi wamasuka, angathe kuwerenga ngakhale mawu amene sanawamvepo chibadwire. Chimene chalembedwa ndicho chimatuluka pakamwa. Ndiye mwana yemweyo akumane ndi *knife*. Mwaulemu wake amapatsa chilembo chilichonse mpata wolankhula, n'kunena kuti “kinife”. Kalasi yonse imafa nacho chiseko, aphunzitsi n'kumuuza kuti k satchulidwa, e wakumapetoyo satchulidwanso, ndipo i amveke “ai”. Akafunsa kuti nanga anazilemberanji, amangouzidwa kuti ndi mmene chilili Chingerezi. Yankho limenelo ndi laulesi. Chilembo chilichonse chongokhala duu m'mawu a Chingerezi chili ndi amene anachiika pamenepo, ndipo ambiri mwa iwo mbiri imawadziwa.

Vuto loyamba ndi la masamu. Chingerezi chili ndi maliwu pafupifupi 44, koma zilembo 26 zokha, nazonso zobwereka kwa Aroma. Mitundu imene inayambitsa chilankhulochi, Angles, Saxons ndi Jutes, inawoloka nyanja m'zaka za m'ma 400 kuchokera kumene lero kuli Denmark ndi kumpoto kwa Germany. Amishonale atafika, monga Augustine amene anakhazikika ku Canterbury mu 597, chilankhulo cha anthuwo chinayamba kulembedwa ndi zilembo za Chilatini, monganso amishonale a ku Blantyre ndi ku Nkhoma anadzachitira ndi chathu. Nthawi imeneyo ankalemba zimene ankamva. K wa mu *knee* ankatchulidwa. W wa mu *write* ankatchulidwa. Chimene lero chimalembedwa gh mu *night* ndi *light* linali liwu lokanda pakhosi, limene Ajeremani akadali nalo mu *Nacht* ndi *Licht*. Choncho *knight*, msilikali wapakavalo uja amene lero amangomuti “nait”, anali ndi k wake kumayambiriro ndi kukanda kwake pakati. Zilembozo ndi za anthu amene anamwalira kalekale. Pakamwa panasintha, pepala linakana.

Mu 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa England pa nkhondo ya ku Hastings, ndipo kwa zaka pafupifupi 300 mafumu, nduna ndi oweruza ankalankhula Chifalansa. Chingerezi chinatsala cha kumunda ndi kukhola. Zotsatira zake zikuonekabe pa mbale mpaka lero. Ng'ombe ikakhala kudambo ndi *cow*, ikafika pa tebulo ndi *beef*. Nkhumba m'khola ndi *pig*, mu mphika ndi *pork*. Nkhosa ndi *sheep*, nyama yake *mutton*. Mayina a ziweto zamoyo ndi a Chingerezi chakale, cha anthu oweta, pamene mayina a nyama yophika anachokera ku Chifalansa, cha anthu odya. Kwathu kuno nyama ya ng'ombe ndi nyama ya ng'ombe basi. Woweta ndi wodya amaitchula chimodzimodzi, ngakhale kuti nthawi zambiri si munthu mmodzi.

Alembi a nthawi imeneyo anasinthanso kalembedwe kuti kafanane ndi kamene anazolowera. *Cwen* anasanduka *queen*, *hus* anasanduka *house*. Panalinso vuto la maso. M'zolemba za pamanja za masiku amenewo, u akayandikana ndi m, n kapena v, zonse zinkangooneka timizere toimirira totsatizana, osadziwika kuti chilembo china chathera pati. Alembi anayamba kuika o m'malo mwa u kuti owerenga asasochere. N'chifukwa chake *come*, *some*, *love*, *monk* ndi *son* ali ndi o amene samveka o, ndipo mwana wamwamuna ndi dzuwa, *son* ndi *sun*, sizisiyana m'khutu.

Kenako kunabwera makina. William Caxton, wamalonda amene anakhala zaka zambiri ku Bruges, m'dziko limene lero ndi Belgium, anakhazikitsa makina oyamba osindikizira mabuku ku England mu 1476, ku Westminster. Iye mwini anadandaula kuti sankadziwa kuti asindikize Chingerezi cha yani, poti chigawo chilichonse chinali ndi chake. M'mawu otsogolera buku lina la mu 1490 anasimba za amalonda amene anaima m'mbali mwa mtsinje wa Thames kufuna chakudya. Mmodzi anapempha mazira kwa mayi wina potchula dzina lake la kumpoto, *egges*. Mayiyo anayankha kuti iye samva Chifalansa. Wamalonda uja anapsa mtima, poti nayenso Chifalansa sankachidziwa. Zinatheka pamene mnzake anatchula *eyren*, dzina la mazira la kumwera, mayi uja n'kumva bwinobwino. Anthu a dziko limodzi, mfumu imodzi, kulephera kugulitsana mazira.

Ena mwa anthu amene ankayala zilembo pa makina a Caxton anali ochokera ku Flanders, ndipo kwawoko mawu otanthauza mzukwa ankayamba ndi gh. Anangolowetsa h mu *gost* wa Angerezi, mpaka lero ndi *ghost*. Makina omwewo anaphanso chilembo china. Angerezi akale anali ndi chilembo chawochawo, þ, choimira liwu la th. Zilembo zachitsulo zogula kunja zinalibe chimenechi, ndiye osindikiza ena ankaikapo y chifukwa m'zolemba za pamanja ziwirizi zinkafananako. Zikwangwani za masitolo ndi malo omwera ku England zolembedwa *Ye Olde* kuti zioneke zachikale zinachokera pamenepo. *Ye* ameneyo ndi *the* chabe. Koma tisaseke kwambiri, chifukwa ŵ wathu wa mu Malaŵi akuzimirira m'njira yomweyo: pa foni ndi pa kompyuta amavuta kupeza, ndipo manyuzipepala ambiri anangomusiya.

Tsoka lake n'lakuti makinawo anafika pa nthawi yolakwika. Kuyambira cha m'ma 1400 mpaka cha m'ma 1700, Angerezi anasintha katchulidwe ka malembo awo a liwu otalika, pang'onopang'ono, m'badwo ndi m'badwo. Katswiri wa zilankhulo wa ku Denmark, Otto Jespersen, ndiye anadzapatsa kusinthaku dzina lakuti Great Vowel Shift. M'masiku a mlakatuli Geoffrey Chaucer, amene anamwalira mu 1400, *name* ankati “naame”, *time* ankati “tiime”, *house* ankati “huus”, ndipo mu *meet* munkamveka e wathu yemweyu. Malilime anapitiriza kusuntha mabuku atayamba kale kusindikizidwa ndi kalembedwe kakale, ndipo palibe anabwerera kukakonza. Choncho mwana wa ku Ntcheu akawerenga *name* kuti “na-me”, amayandikira Chaucer kuposa mphunzitsi amene akumudzudzulayo. Kulakwa kwenikweni sanalakwe, wangochedwa ndi zaka 600.

Onsewa tingawakhululukire. Gulu limene ine sindilikhululukira ndi la anthu ophunzira a m'zaka za m'ma 1500, amene ankakonda Chilatini kuposa chilankhulo cha amayi awo, ndipo ankafuna kuti aliyense aone kuti amachidziwa. Ngongole inkalembedwa *dette*, ndipo panalibe chovuta. Iwo anakumbukira kuti m'Chilatini muli *debitum*, n'kulowetsamo b, kukhala *debt*. Anachita chimodzimodzi ndi b wa mu *doubt* ndi p wa mu *receipt*. Zilembo zimenezi zinalowa kudzangokhala, ntchito sizinagwirepo. Choseketsa n'chakuti akuluakuluwa nthawi zina ankaphonya. Chilumba chinali *iland*, mawu a Chingerezi chenicheni, koma iwo anaganiza kuti ndi m'bale wake wa *insula* wa Chilatini, n'kuikamo s. Ubale palibe ngakhale wa kuchikamwini. Ana a sukulu m'maiko ambiri akhala akulawa chikwapu chifukwa choiwala s amene analowa molakwika. Naye l wa mu *could* anangotsanzira *would* ndi *should*, amene l wawo ali ndi chifukwa poti amachokera ku *will* ndi *shall*.

Mfumu ya zonsezi ndi *colonel*, udindo wa ku usilikali, umene umatchulidwa “kenel”. Mawuwa anachokera ku Italy ali *colonnello*, n'kudzera ku France kumene anasanduka *coronel*. Angerezi analandira onse awiri, n'kusankha kulemba wina, kutchula winayo.

Chingerezi chili ngati mulu wa kaunjika pa msika: malaya a ku France, jekete la Aroma, nsapato za ku Norway, chilichonse chikadali ndi kansalu ka mwini wake woyamba pakhosi. Ife tikatola chovala m'mulu wotere timapita nacho kwa telala kuti chitikwane, n'chifukwa chake tili ndi sitolo, supuni, buledi, sukulu ndi bokosi. Mngerezi amavala momwemo. *Ballet* akadali ndi t wa Afalansa, *psalm* ali ndi p wa Agiriki, *yacht* ali ndi ch wa Adatchi, ndipo onsewo ali chete.

Nanga bwanji osangokhala pansi n'kukonza? Afalansa anakhazikitsa bungwe loyang'anira chilankhulo chawo, Académie française, mu 1635. Ifenso tinali ndi Chichewa Board kuyambira mu 1972, imene inatulutsa malamulo a kalembedwe. Chingerezi sichinakhalepo ndi bungwe lotere. Jonathan Swift, amene analemba Gulliver's Travels, anapempha mu 1712 kuti likhazikitsidwe, koma zinathera m'malere. Kwa nthawi yaitali aliyense ankalemba mmene wafunira. Pali malo asanu ndi amodzi pamene William Shakespeare anasaina dzina lake ndi dzanja lake, ndipo palibe ndi pamodzi pomwe pamene analilemba monga tilembera lero. Amene anadzaumitsa zinthu ndi Samuel Johnson. Dikishonale yake ya mu 1755, ya mawu oposa 42,000, sinawongole kalembedwe. Inangosankha pa zimene zinalipo kale, zolungama ndi zopotoka zomwe, n'kuzipatsa ulemu wa lamulo.

Oyesa kukonza analipo, ndipo mbiri yawo ndi ya chisoni chosakaniza ndi chiseko. Ku America, Noah Webster, amene dikishonale yake yaikulu inatuluka mu 1828, anachotsa u mu *colour* n'kutembenuza *centre* kukhala *center*. Izi anthu analandira. Atafuna kuti *tongue* akhale *tung* ndi *women* akhale *wimmen*, anamukanira. Phindu lake n'lakuti tsopano pali kalembedwe kawiri m'malo mwa kamodzi, ndipo kompyuta imakudulirani mzere wofiira pansi pa *colour* yemwe aphunzitsi analumbira kuti ndiye wolondola.

Mu 1906 mpondamatiki Andrew Carnegie anathira ndalama ku bungwe lofewetsa kalembedwe, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho Pulezidenti Theodore Roosevelt analamula kuti zikalata za boma zizisindikizidwa ndi kalembedwe kofewa ka mawu 300, monga *thru* ndi *tho*. Manyuzipepala anamuseka, aphungu anakana, ndipo pofika Disembala anabweza lamulo lake. Munthu amene chaka chomwecho analandira mphoto ya Nobel chifukwa choyanjanitsa Russia ndi Japan analephera kuchotsa zilembo zitatu mu *through*.

George Bernard Shaw, mlembi wa masewero wa ku Ireland, iye anati bola kungoyambiranso. Pomwalira mu 1950 anasiya chuma mu wilo yake choti apangire alifabeti yatsopano. Inapangidwadi, ndi Kingsley Read, ya zilembo zoposa 40, ndipo mu 1962 sewero lina la Shaw, Androcles and the Lion, linasindikizidwa nayo. Anthu anayang'ana, kuyamikira, n'kupitiriza kulemba monga mwa kale. Pali nthabwala yotchuka imene ambiri amati ndi ya Shaw, yakuti nsomba, *fish*, ingathe kulembedwa *ghoti*: tengani gh wa mu *tough*, o wa mu *women* ndi ti wa mu *nation*. Nthabwalayo ndi yokoma, koma si yake. Imapezeka m'kalata ya mu 1855, iye asanabadwe.

Ndikuganiza kuti chifukwa chimene onsewa analepherera n'chosabisika. Amene ali ndi mphamvu zosintha kalembedwe ndi amene anakavutikira kale kusukulu, ndipo munthu amene anagwada pa miyala chifukwa cha *receipt* safuna kuti mwana wa mnzake adutse mwaulere. Komabe, kunena chilungamo, palinso funso lovuta: tikati tizilemba motsata pakamwa, titsata pakamwa pa yani? Wa ku Glasgow, wa ku Texas, wa ku Lagos ndi wa ku Mumbai satchula *water* mofanana, ndipo atakumana pa basi angavutike kumvana. Kalembedwe kopotoka komweka ndi kamene kamawagwirizanitsa pa pepala.

Mayina a malo ndiye msampha weniweni. Okonda mpira kuno anaphunzira mu 2016, pamene Leicester City inatenga chikho cha Premier League, kuti mzindawo ndi “Lesta”, osati “Leisesita”. Gloucester ndi “Glosta”. Worcester ndi “Wusta”, kaya wa ku England kaya wa ku Western Cape. Mu Norwich ndi Greenwich w ali mtulo. Reading ndi “Reding”, ngakhale kuti kuwerenga, kolembedwa chimodzimodzi, ndi “riding”. Ku America kuli Kansas ndi Arkansas. Woyambayo ndi “Kanzas”, winayo ndi “Akanso”, ndipo mu 1881 nyumba ya malamulo ya ku Arkansas inachita kukhala pansi n'kugamula kuti azitchulidwa choncho. Safunsa anadya phula. Mukafika pa siteshoni ya sitima ku London, mvetserani kaye mmene akulengezera musanatsegule pakamwa pa windo la matikiti.

Matanthauzo nawo ali ndi misala yawo. Mbewa imodzi ndi *mouse*, zambiri ndi *mice*, koma nyumba zambiri si *hice*. Nkhosa, ikhale imodzi zikhale 100, ndi *sheep* basi. Wotchi ikayamba kulira m'mawa amati *goes off*, magetsi akazima amatinso *go off*, mkaka ukasasa nawonso *goes off*. Fomu yomweyo wina akuuzani *fill in*, wina *fill out*, ndipo onse akufuna chinthu chimodzi. *Visible* ndi *invisible* zimatsutsana, koma *flammable* ndi *inflammable* zonse ndi zinthu zogwira moto msanga, zimene ndi bwino kudziwa musanayatse machesi. Nanazi, *pineapple*, si apulo ndipo samera pa mtengo wa paini. Mu *hamburger* mulibe *ham*, dzinalo ndi la mzinda wa Hamburg. Mbira yoweta ija, *guinea pig*, si nkhumba, ndipo kwawo si ku Guinea koma ku South America. Akonzi a Oxford English Dictionary atawerenga matanthauzo a mneni mmodzi yekha, *run*, anapeza 645. Mwana, mtsinje, injini, mphuno ya chimfine ndi munthu wofuna upulezidenti, zonsezi m'Chingerezi zimathamanga.

Koma chimene chimasautsa kwambiri munthu woleredwa bwino ndi *you*. Agogo ndi *you*, amfumu ndi *you*, galu ndi *you*. Mlomo umalemera kunena *you* kwa apongozi. Mbiri yake ndi yodabwitsa. Chingerezi chinali ndi *thou*, amene anali iwe, ndi *you*, amene anali inu, wa anthu ambiri kapena wa ulemu. Anthu anayamba kuopa kuoneka amwano, n'kumati inu kwa aliyense, mpaka pofika m'ma 1700 iwe anali atafa m'kalankhulidwe ka anthu ambiri. A mpingo wa Quakers anakakamira *thou* kwa aliyense, olemera ndi osauka omwe, ponena kuti anthu onse ndi ofanana, ndipo ena a iwo anamenyedwa chifukwa cha zimenezo. Choncho Mngerezi akamakalipira galu wake lero amamutchula kuti inu, pamene *thou* wa mu Baibulo la King James la mu 1611, amene amamveka wolemekezeka kwambiri, ndi iwe chabe.

Pa nkhani ya ubale Chingerezi n'chosauka. Malume, bambo aakulu, bambo aang'ono ndi mwamuna wa azakhali, onsewo ndi *uncle*. Mwana wa amayi aang'ono, amene kwa ife ndi mchimwene kapena mchemwali weniweni, amamuponya m'gulu limodzi ndi msuweni. N'chifukwa chake bwana wachingerezi amakwinya nkhope wantchito akabwera kudzapempha tchuthi cha maliro a amayi ake kachiwiri, poti iye amadziwa kuti munthu amakhala ndi mayi mmodzi.

Taganizirani mayi wa ku Dedza amene wangoyamba ntchito yosamalira okalamba ku Leeds. Chingerezi anakhoza bwino kusukulu. M'mawa mnzake wa pantchito akudutsa m'khonde, kapu ya tiyi m'manja, n'kunena kuti “You alright?” Mayi wathu amaima, n'kuyamba kufotokoza kuti wadzuka, kungoti msana ukuwawa pang'ono, usiku sanagone bwino ndi kuzizira, koma ana kumudzi ali bwino, kaya inu anzathu? Akamakweza maso, mnzake uja wafika kale kumapeto kwa khonde. Silinali funso. Yankho lake ndi “Alright” basi, mwendo uli m'njira. Masana gogo wina wapunthwa pa mpando, mayiyo amathamanga n'kunena “Sorry”, pepani wathu uja wa chifundo, gogoyo n'kumuyankha modabwa kuti si iye walakwitsa. Kenako woyang'anira akufunsa, “You haven't eaten?” Iye amati “Yes”, kutanthauza kuti inde, sindinadye. Winayo amamva kuti wadya, chakudya n'kuchotsedwa. Madzulo mnzake wamuitanira *tea* kunyumba 6 koloko. Podziwa kuti tiyi sagonetsa munthu, amayamba waphika kansima n'kudya, n'kukapeza tebulo lodzaza mbatatesi, nyama ndi ndiwo zamasamba. Kumpoto kwa England *tea* ndi chakudya chamadzulo, ndipo kwa ambiri *dinner* ndi cha masana. Zimenezi m'buku la galamala mulibe.

Mulibenso zakuti Mngerezi akati ntchito yanu ndi *not bad*, wakuyamikirani. Akati *interesting*, khalani tcheru. Akayamba ndi *with the greatest respect*, dziwani kuti ulemu wathera pomwepo. Akati tsiku lina mudzabwere tidzadyere limodzi, musafunse tsiku lake. Izi zokha sizachilendo kwa ife amene timauza wofuna ngongole kuti “tionana”.

Nafenso tili ndi pathu pogwera. M'Chichewa l ndi r ndi liwu limodzi, ndiye lilime lathu limavutika kusiyanitsa *pray* ndi *play*, *rice* ndi *lice*, *right* ndi *light*. Abusa angaitane mpingo wonse kuti usewere, mlendo mu lesitilanti angaitanitse mbale ya nsabwe. Za *election* tisanene, buku lino amawerenganso ana. Timakondanso kutsekera mawu ndi lembo la liwu, mpaka *and* kukhala “endi”, *of* kukhala “ofu”. Koma mpatseni Mngerezi dzina lakuti Phiri. Kwawo ph ndi f, chizolowezi cha m'mawu ochokera ku Chigiriki, ndiye amati “Firi”. Pa Thyolo amaluma lilime, Mzuzu amati “Emzuzu”, ndipo pa ng'ombe amangoima n'kupempha thandizo. Mtengo wa mango ndi mtengo wa sopo timalemba chimodzimodzi koma timakweza mawu mosiyana, iye samva kusiyana kulikonse. Aliyense ali ndi pake pomwe lilime limaterera.

Kuseka tiseke, koma Chingerezi sichiseka nafe. Ku Malawi wophunzira angakhoze masamu, sayansi ndi zaulimi mwapamwamba, koma akalephera Chingerezi satifiketi ya MSCE salandira. Ndiye b wa mu *debt* ndi s wa mu *island* muziwalemba ndithu, wochonga mayeso sadzamva zoti analowa mwachinyengo.

Eni ake nawo amachivutikira, mpaka kalembedwe anakasandutsa mpikisano. Ku America, National Spelling Bee inayamba mu 1925. Ana amaima pa nsanja, kupatsidwa mawu, kuwatchula chilembo chimodzichimodzi, ndipo wophonya chimodzi chokha amatsika. Amaonetsa pa wailesi ya kanema, makolo thukuta lili kamukamu. Mpikisano wotere utachitika m'Chichewa dzuwa lingalowe popanda wogwa. Mu 2019 zinachitikanso choncho ku America komweko: okonza mpikisano mawu ovuta anawathera ana asanu ndi atatu akadali chiimire, ndipo onsewo anawalengeza kuti ndi akatswiri, aliyense n'kupita kwawo ndi madola 50,000.